Zala Zitatu za Lemuel Voss

Orpha anandigwira dzanja lamanja nalitambasula pa pepala lokulungira buledi.

"Musagwedezeke, a Lemuel. Ndikufuna chala chilichonse chioneke."

"Zopindikazi?"

"Zomwezo. Chilipo chomwe sichinathyokepo?"

Ndinaziyang'ana. "Chachikuluchi."

Anaseka, pensulo ikuyenda m'mbali mwa zala zanga. Linali Lachiwiri masana, mwezi wa Ogasiti chaka cha 1888, ndipo tinali kuseri kwa sitolo ya buledi ya bambo ake, a Rademacher. Ankafuna kundisokera magolovesi a chikopa cha gwape, oika ubweya m'kati. Ndinali nditatha zaka khumi ndi zitatu ndikuwakha mpira wa besibolo, wolimba uja womenya ndi chibonga, ndi manja osavala kanthu, zisanu mwa izo m'timu ya mumzinda wathu wa Brackton, kuno ku Ohio. Malemu mkazi wanga Adelia ankangondimanga nsanza n'kundipempherera.

"Bambo akuti mubwere Lamulungu mudzadye nafe," anatero osadzutsa mutu. "Mudzalowere khomo la kumaso. Zolowera kuseri ngati wodzapempha buledi wogona zatha."

M'mwezi wa Juni bambo omwewo anandiuza pamaso kuti munthu wosewera mpira tsiku la Mulungu, wa zaka makumi atatu ndi zisanu, woika kale mkazi m'manda, asadzayerekeze kuyang'ana mwana wawo.

"Mwasangalala kapena ayi? Inutu nkhope yanu ndi imodzimodzi, pamaliro ndi paukwati."

"Asintha bwanji?"

"Mukufunsa? Akuti munthu amene ananyamula mwana wawo wamwamuna m'manja kuchokera pabwalo mpaka kwa dokotala ndi wa m'banja kale." Anafinya dzanja langa. "Inenso ndikutero."

Pamwamba pathu panamveka ndodo ikugogoda pansi: go, go, go. Anali Konrad, mlongo wake, akuitana. Orpha anasiya pensulo nathamangira ku makwerero. Ndinatsala ndi pepala lija. Dzanja langa linali pomwepo, lojambulidwa bwino, zala zonse poyera.

*

Panali patapita masabata anayi chichitikire zimenezo.

Konrad ankasewera m'timu ya ku Sable Creek, adani athu akalekale. Atafika pomenyera, chibonga chili paphewa, ine wowakha nditanyonyomala kumbuyo kwake, analankhula osanditembenukira, motsitsa mawu kuti woimbira masewero asamve.

"Mdala, ndamva ukuzungulirazungulira pa sitolo pathu. Mkazi woyamba anafa yekha iwe uli ku mpira. Mlongo wanganso ukufuna adzafe choncho?"

Akananama ndikanaseka. Koma Adelia anamwaliradi ine ndili pa sitima ndi timu, ndipo uthenga unandipeza atakhoma kale bokosi.

Woponya mpira saponya zofuna iye. Amayang'ana pakati pa mawondo a wowakha, ndipo zala ndi zimene zimamuuza. Chimodzi, woongoka. Ziwiri, wokhota. Ine ndi woponya wathu, Tully Burke, tinali ndi chizindikiro china chomwe sitinkachitulutsa kawirikawiri. Zala zitatu: udutsitse pafupi ndi chibwano, munthu aope.

Ndinatulutsa zitatu.

Tully anapukusa mutu. Kunali mitambo, ndipo mpira unali utada bii ndi dothi ndi malovu a fodya, wovuta kuuona. Ndinatulutsanso zitatu, n'kuzigwedeza.

Konrad sanauone. Unamupeza pamwamba pa khutu, ndipo phokoso lake ndimalimvabe.

Anthu zikwi ziwiri anaona Tully akuponya. Anaonanso ine nditataya chotchinga kumaso, nditamunyamula Konrad, ndikuthamanga naye. Nyuzipepala inanditcha mwamuna weniweni. Konrad anatsitsimuka patapita masiku anayi, koma mawu ake sanabwerere, ndipo mkono wake wamanja unali lende.

*

Lachitatu m'mawa ndinapeza Tully akudya yekha m'nyumba imene osewera tinkagonamo. Tebulo la anthu khumi, iye ali kumapeto.

"Khalani, mdala, malo ndi ambiri. Ndikanadziwa kuti kugwetsa munthu kumapatsa tebulo lonse ndikanayamba kalekale."

Iye mwini sanaseke. Zenera la kumbuyo kwake linali lomata ndi pepala. Wina anali ataponyapo njerwa.

"Manijala akuti chiyani?"

"Akuti Loweruka ndiponya komaliza. Azimayi asiya kubwera ku bwalo, akuti safuna kuona chigawenga." Anamwa khofi nakwinya nkhope. "Ngakhale khofiyu akundipatsa wa dzulo. Ndinakumananso ndi Orpha wanu uja ku positi. Anandiyang'ana ngati khoswe wofera mu ufa."

"Upita kuti?"

"Kwathu ku Pennsylvania. M'migodi ya malasha safunsa kuti unagwetsa ndani."

"Bwanji sukunena?"

"Ndinene chiyani?"

"Ukudziwa."

Anaika kapu pansi. "Munandiphunzitsa nokha tsiku loyamba. Za zala zimathera pakati pa anthu awiri. Ndiponso mpira unachoka m'dzanja langa, mdala. Ndinakana kamodzi. Chinandiletsa kukana kawiri n'chiyani?"

"Ine."

"Basi, idyani. Pakati pa ife awiri wina akwatireko. Ineyo ndi makutu awawa ndani angandilole?"

Anandikankhira mbale ya mazira. Ndinaisiya osaikhudza.

*

Masana omwewo ndinapita kokameta. Ndili chigonere pampando, sopo ali kumaso, munthu anadzakhala pampando wa pambali. Ndinamva kaye fungo la mafuta a m'ndevu. Anali Harlan Pruett, mnzake wa Konrad wa m'timu ya Sable Creek. Anali atamufunsira Orpha kawiri n'kukanidwa kawiri, koma sabata iliyonse ankabwerabe pa sitima ndi malalanje a wodwala.

"Ngwazi ya ku Brackton!" anatero mokweza. "Ometa, musamale khosi limenelo, ndi la mkamwini wa a Rademacher."

Anadikira kuti wometa apite kukatenga madzi otentha, nawerama.

"Ukukumbuka pomwe ndinali tsiku lija, Voss?"

Ndinakumbuka nthawi yomweyo. Iye ndiye anamenya mpira Konrad asanafike pomenyera, ndipo anali atathamanga n'kuima pa thumba lachiwiri, amodzi mwa malo oimapo othamanga, kumbuyo kwenikweni kwa woponya. Munthu woima pamenepo ntchito yake ndi imodzi: kuba ndi maso zala za wowakha.

"Zitatu," ananong'ona. "Burke anakana. Iwe unabwereza. Ndakusungira mwezi wathunthu, ndimati uchita manyazi uchoke wekha. Koma ndamva za Lamulungu."

"Ukufuna chiyani?"

"Umulembere kalata. Unene kuti mtima wako udakali kumanda kwa mkazi wako. Aliyense akhulupirira, nkhope yako ndi ya kumanda kale. Ukatero ine pakamwa ndasoka."

"Ayi."

"Ayi basi? Ndiwe bulu, eti?"

"Ndimuuza ndekha."

Anaseka mpaka kumenya bondo. "Iweyo? Kupereka moni kumakuvuta, ndiye ukanene zimenezi?"

Ndinapukuta sopo pakamwa. "Unaona zala zanga kawiri, Pruett. Bwanji sunamukuwire mnzako?"

Kuseka kunatha. Anaimirira, natola chipewa ndi phukusi la malalanje. Pakhomo anatembenuka.

"Mawa dzuwa likalowa usanamuuze, ndimuuza ine."

*

Lachinayi madzulo ndinayenda ndi Orpha m'mbali mwa ngalande ya maboti. Mawu ndinali nditawakonza. Ndinawabwereza chamumtima kuyambira m'mawa, ngati mwana woloweza katekisimu.

"Orpha, pali nkhani."

"Ngati ndi ya Adelia, ndaganiza kale. Chithunzi chake musachichotse pakhoma. Ine sindilimbana ndi womwalira."

"Si imeneyo. Ya tsiku lija. Tully..."

Anaima. "Dzina limenelo musanditchulire. Mukufuna mumupepesere, ndikudziwa, mtima wanu ndi wotero. Koma ine ndi amene ndimamudyetsa Konrad ndi supuni. Munthu amene ankaimba mpaka bambo kumuthamangitsa m'sitolo, lero akafuna madzi amagogoda ndi ndodo." Misozi inatsika koma sanaipukute. "Amene anafuna kuti mpira uja upite kumutu kwake sindidzamukhululukira. Abusa anene zimene anganene."

Bulu wokoka boti anadutsa, woyendetsa natipatsa moni. Ndinavula chipewa. Ndinachivalanso.

"Mumati chiyani?" anafunsa.

"Palibe."

Anakolowetsa mkono wake mu wanga. "Mukudziwa chimene ndinakukonderani? Anyamata enawa amalankhula ngati mvula pa malata, ukafuna kutunga supeza kanthu. Inu mumanena mawu awiri, koma munthu amatha kuimapo ndi miyendo yonse."

Ndinamuperekeza mpaka pakhomo. Dzuwa linalowa ndikuliona.

*

Loweruka m'mawa ndinapeza phukusi ndi kalata pakhomo pa chipinda changa.

"A Lemuel,

Magolovesi atha. Chala chapakati chandivutitsa, n'chokhota ngati mbedza, ndasoka n'kumasula kawiri.

Dzulo Harlan anabwera ndi nkhani yonyansa yokhudza inu. Sindiilemba, ingadetse pepala. Anainena pamaso pa bambo. Ndinamuyankha, ndipo sindikukhulupirira kuti tsaya lake lapola. Musade nkhawa, palibe amene wamumvera.

Mawa musachedwe, bambo agula nkhumba. Muvale kolala yoyera, osati ija.

Wanu,
Orpha"

Ndinawerenga kawiri. Harlan anali atawombera n'kuphonya. Chomwe chinatsala n'chakuti ndingokhala chete, ndipo kukhala chete ndi ntchito imene ndimaidziwa kuposa mpira.

Masana ndinavala magolovesiwo pabwalo. Chala chilichonse chinapeza malo ake, ndi kupindika komwe. Anthu ankamukuwiza Tully, wina anaponya botolo, iye akungoyang'ana zala zanga ngati kale. Mpira wake woyamba unafika m'manja mwanga, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zitatu sindinamve kupweteka.

Ndinawavula. Masewero onse otsala ndinawakha ndi manja.

Tinapambana. Palibe amene anamugwira chanza Tully. Potuluka anandigunda ndi phewa.

"Mphatso ya mkazi saibisa m'thumba, mdala. Mudzagona panja musanakwatire n'komwe."

*

Lamulungu ndinalowera khomo la kumaso. A Rademacher anandilandira okha, atavala jekete la kutchalitchi, ufa ukuonekabe m'zikhadabo.

"Lowani, a Voss. Lowani, mwana wanga."

Konrad anali atamutsitsa, atamukhazika pampando wa mapilo kumapeto kwa tebulo, ndodo yake ili pambali. Anali atawonda. Anandiyang'ana osaphethira.

Tinadya nkhumba yowotcha, mbatatesi ndi kabichi wowawasa. Orpha ankadyetsa mlongo wake, uku akundiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndilankhuleko.

"Tandiuzani, a Voss," anatero bamboyo akudula nyama. "Amuna akuluakulu, ndevu pepeya, kuthamangitsa kampira tsiku lonse. Ndiye mumati ntchito?"

"Inde."

"Wamva, Orpha? Inde. Mkamwini wotere sadzanditopetsa. Mawondo akakana mudzabwere kuno, manja amenewo akanda mtanda bwino."

Mbale zitachotsedwa anaimirira, nakonza jekete.

"Mzinda wonse ukudziwa kuti m'nyumba muno mawu sabwezedwa. Chimene chanenedwa chanenedwa. Kamodzi kokha m'moyo wanga ndikubweza, ndipo ndi lero. Pa inu ndinalakwa. Orpha ndi wanu. Mudzakwatirana masewero a chaka chino akatha."

Orpha anaphimba nkhope ndi epuloni.

"Kwatsala kanthu kamodzi." Anatulutsa pepala m'jekete nalitambasula patebulo, naika cholembera ndi inki pambali. "Mawa ndikupita kwa woweruza. Ndamva kuti Burke akwera sitima Lachiwiri, ndipo sindilola kuti achoke ngati wagenda nkhuku. Loya akuti pakufunika mboni yomwe inali pafupi, yonena kuti anaponya dala, mwa nzeru zake. Pafupi kuposa inu panalibe."

"Amumanga?"

"Zaka ziwiri, mwina zitatu. N'zochepa."

Ndinayang'ana pepalalo. Pamalo a dzina langa anali atalembapo kamtanda.

"Sainani, a Lemuel," anatero Orpha mofatsa. "Ndikudziwa ndi mnzanu. Koma sainani."

Ndinatola cholembera. Ndinachinyika mu inki. Ndikanakonda kunena kuti sindinatero, koma ndinatero.

Go, go, go.

Konrad anasiya ndodo kuti igwe. Anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono. Anapinda chala chachikulu ndi chaching'ono. Zitatu zinatsala, zoloza pansi, monga momwe wowakha amachitira.

"Wayambanso," anatero Orpha. "Chiyambire Lachisanu, atamva mabodza a Harlan aja. Konrad, tsitsa dzanja, ukumuchititsa manyazi mlamu wako."

Sanatsitse. Maso ake anali pa ine. Munalibe ukali m'masomo. Ankafunsa, ndipo pakamwa pofunsira analibe.

Inki inadontha papepala. Ndinaika cholembera pansi.

"Si bodza."

Onse anatembenukira kwa ine.

"Ndinatulutsa zitatu. Tully anakana. Ndinamukakamiza. Konrad anandinena za Adelia, ndinafuna aope. Izi sindinazifune. Koma zala zinali zanga."

Anali mawu ambiri kuposa onse amene ndinanenapo m'nyumba imeneyo. Konrad anatsitsa dzanja, natseka maso.

A Rademacher anatenga pepala lija nalipinda kanayi, mosamala, naliponya m'mbaula.

"Tulukani," anatero motsitsa. "Khomo la kuseri."

Ndinatulutsa magolovesi m'thumba n'kuwaika patebulo. Ndinadutsa pakati pa matumba a ufa. Orpha ananditsatira mpaka kuseri kuja, pomwe anandijambulira dzanja, magolovesiwo atawafumbata. Ndinayembekeza mbama. Ikanandithandiza.

"Lachinayi," anatero. "Ku ngalande kuja. Ndi zimene munkafuna kunena?"

"Inde."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinaopa."

"Munaopa!" Milomo yake inali itayera ngati ufa. "Mukananena Lachinayi ndikanakudani. Ndikanalira mwezi, mwina chaka, kenako sindikudziwa. Koma ndikanakhala mfulu. Mukudziwa chimene ndinachita Lachisanu? Harlan anati ngati ndikukukhulupiriranidi ndilumbire. Ndinatenga Baibulo la malemu mayi, bambo ali pomwepo, ndinaikapo dzanja. Ndinati, ngati a Lemuel anachitadi zimenezi, ndidzakwatiwa ndi iweyo, Harlan." Anafinya magolovesi aja. "Ndinkaseka ponena. Ndinkaseka, a Lemuel."

M'nyumba munamveka mawu a bambo ake, osakweza, ngati akuitanitsa mchere.

"Orpha. Bwera ndi pepala loyera. Tiwalembere a Pruett."

Anabwerera m'mbuyo, nagwira chitseko. Chisanatsekeke anandiponyera kanthu pachifuwa. Ndinawakha, poti n'chimene manja anga amadziwa.

Linali golovesi limodzi, lamanja. Lamanzere anatsala nalo.